Gasi si mpweya, ndipo tambala mmodzi sapikisana

Aphunzitsi ena a ku Ulongwe, kuno ku Mozambique, andilembera kuti: "Ndinamva pa wailesi akukambirana zokonza malamulo kuti pa malonda a 'mpweya wachilengedwe' pakhale mpikisano. Mawuwa ali bwino? Ine mpikisano ndimaudziwa wa mpira ndi wa makwaya basi."

Aphunzitsi, mwandikanda poyabwa. Ndiyambe ndi mpweyawo. Mpweya ndi umene timapuma, ndipo mwana akauipsa pakati pa akulu tonse timadziwa wachita chiyani. Nanga ulipo mpweya wosakhala wachilengedwe? Ingonenani gasi. Ine mawu obwereka sindiwakonda, koma amenewa anakhazikika kale ngati buledi. Mukafuna kusiyanitsa, nenani gasi wa pansi pa nthaka, monga uja wa ku Pande ndi Temane ku Inhambane, amene kampani ya Sasol yakhala ikutumiza ku Secunda ku South Africa kuyambira 2004 pa paipi ya makilomita 865. Wa m'botija amene amayi amaphikira ku Tete ndi mtundu wina.

Mpikisano ndiye ndikuuvomera ndi manja awiri. Mawuwa sanabwere ndi mpira. Ndili mwana agogo ankanditenga ku msika wa pa Zobue, komwe amayi awiri ogulitsa kachewere ankakhala moyandikana. Wina akaonjezera basera, mnzakeyo ankaunjika mulu mpaka kugwa. Agogo ankandinong'oneza kuti, "Asiye apikisane, tidyerepo ife." Chuma chonse cha m'mabuku chili m'mawu amenewo.

Taonani kamchira kaja ka -ana mu kupikisana. Nkomwe kali mu kukondana, kumenyana, kukwatirana. Kamafuna anthu awiri. Munthu sapikisana yekha, monganso sakwatirana yekha. Tsono paipi ikakhala imodzi, wogulitsanso mmodzi, musati pali mpikisano ngakhale lamulo litalembedwa bwino chotani. Pamenepo mawu athu ndi kuphangira, monga achitira mwana wadyera pa mbale ya ndiwo. Akulu anati atambala awiri salira m'khola limodzi, koma pa malonda timafuna alire onse awiri.

Chimene chimandinyansa ndi "kutsegula msika". Msika amatsegula m'mawa uliwonse, wosesa atamaliza. Nenani kulola ena kuti nawonso agulitse.

Bungwe ngati ARENE, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2017 kuti liziyang'anira za mphamvu, ena amalitcha "lolamulira". Ine ndimati loyang'anira kapena lowongolera, chifukwa ntchito yake ikufanana ndi ya woyimbira mpira, amene samenya nawo. Ndipo lamulo la mafuta la mu 2014 likamati magawo 25 pa 100 alionse a gasi atsale m'dziko muno, ana anu a sukulu muwauze kuti ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, amva msanga.