Make ikumanganso zonse pa NFS, onani wotchi kaye

Achimwene, mwafunsa za code yanu yomwe ili mufoda ya NFS (njira yogawana mafoda pa netiweki). Zoti make, pulogalamu yomangira code, ikumanganso mafayilo onse nthawi iliyonse kenako nkumadandaula kuti "Clock skew detected", vuto si code yanu ayi, ndi wotchi. Make imangoyang'ana nthawi yomwe fayilo yasinthidwa, nde seva ya NFS ikakhala kutsogolo ngakhale ndi masekondi ochepa chabe fayilo imaoneka ngati yachokera mawa, make nkusokonezeka basi. Lembani date pa makina onse awiri, seva ndi kompyuta yanu, muone kusiyana kwake, kenako ikani chrony kapena ntpd (mapulogalamu okonza wotchi kudzera pa netiweki) kuti onse azitenga nthawi pamalo amodzi.

Mukaona Permission denied poyendetsa ./configure (script yokonzekera build), onani mount yanu, mmene foda ya NFS yalumikizidwira pa kompyuta yanu, mwina muli noexec, yomwe imaletsa kuyendetsa mapulogalamu mufodamo. Komanso mukamalemba ndi sudo (ngati root, mkulu wa makina) mufoda imeneyo, setting ya pa seva yotchedwa root_squash imasandutsa root kukhala nobody, akaunti yopanda mphamvu, nde nthawi zambiri sangalembe mufodamo.

Koma ine ndingoti musamamangire mkati mwa foda yogawanayo, source isiyeni pa netiweki koma build ipite pa disiki ya kompyuta yanu, cmake -S (foda ya source) ndi -B (foda ya build) zimachita zimenezi bwinobwino ndipo zimathamanga, komanso anzanu akamamanga pa makina ena ma .o anu (mafayilo otuluka pomanga) sazaphwanyana ndi awo.