Holo ya Mfumukazi, maofesi a ku Chichiri, ndi funso la ku Santhe

Kalata ya sabata ino yachokera ku Santhe, kwa mayi wina amene amaphunzitsa kusekondale. Mwezi watha anaperekeza mwana wawo kukoleji ku Blantyre, ndipo akuyenda mu Victoria Avenue anaona nyumba yakalekale imene wina anawauza kuti ndi Old Town Hall. Funso lawo n'lakuti: "Ngati imeneyi ndiyo holo ya mzinda, bwanji akhonsolo sali m'menemo? Nanga ife kuno ku Kasungu tinakhalapo ndi yathu yotere?"

Zikomo Mayi, funso limeneli landikondweretsa kwambiri. Ndiyambira patali pang'ono, mundipirire.

Blantyre inayamba ndi amishoni a Church of Scotland mu 1876, ndipo dzinalo analitenga kumudzi kumene David Livingstone anabadwira ku Scotland. Amalonda anatsatira m'mbuyo. Nyumba ya Mandala, ya kampani ya African Lakes, inamangidwa mu 1882, ndipo dzina loti Mandala linachokera pa magalasi a m'maso amene John Moir, mmodzi wa akuluakulu a kampaniyo, ankavala. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Ndiye onani dongosolo lake: poyamba mishoni, kenako sitolo, ndipo khonsolo inabwera pambuyo, mu 1895, pamene azungu a m'tauniyo anafuna kuti pakhale owayang'anira misewu, ukhondo ndi mapuloti.

Nyumba imene munaionayo ndi ya 1903. Mfumukazi Victoria inamwalira mu Januwale 1901, ndipo holoyo inamangidwa ngati chikumbutso chake, n'chifukwa chake dzina lake lenileni ndi Queen Victoria Memorial Hall. Apa mpamene ndikufuna tikhalepo pang'ono. Ife tikamva kuti "holo ya mzinda" timaganiza za malo amene aliyense angalowe kukadandaula za zinyalala za pamsika. Nthawi imeneyo sizinali choncho. Khonsolo inali ya atsamunda, osankha anali iwo, osankhidwa analinso iwo. Anthu akuda ndiwo ankaumba njerwa, kusenza mitengo ndi kusesa pabwalo, koma pa zokambirana za tauni analibe mpando. Ine ndikaima patsogolo pa nyumba imeneyo ndimamva zinthu ziwiri nthawi imodzi: ndimasirira manja amene anaimanga kuti ikhale chiimire zaka zoposa 120, komanso mtima umandiwawa kuti eni manjawo ankathera pakhomo. Sindigwirizana ndi amene amati nyumba za atsamunda zingogwetsedwa. Thukuta lili m'makomawo ndi la agogo athu.

Tsono chinawachotsa n'chiyani akhonsolo? Yankho lili ku Limbe, ndipo likutikhudza ife alimi a fodya. Njanji ya Shire Highlands inafika mu 1908, ndipo chaka chomwecho kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale yake ku Limbe. Malowo anakula msanga moti mu 1909 anakhala tauni payokha, ndi khonsolo yakeyake. Kwa zaka zoposa 40 panali matauni awiri oyandikana, wina wa mishoni ndi mabanki, wina wa sitima ndi fodya. Mu 1956 anawaphatikiza kukhala amodzi, ndipo mu 1966, chaka chimene Malawi inakhala Ripabuliki, Blantyre inakwezedwa kukhala mzinda.

Holo yomangidwira azungu ochepa a mu 1903 sikanakwana ntchito ya mzinda wotere. Pankafunika malo a meya, a makhansala, a mainjiniya, a olemba mapuloti, a otolera misonkho. Maofesi a khonsolo lero ali ku Civic Centre ku Chichiri. Mukayang'ana mapu muona kuti Chichiri ili pakati pa Blantyre wakale ndi Limbe, ndipo ine ndimaona nzeru pamenepo: mukaphatikiza mabanja awiri, bwalo la milandu simuliika pakhonde la banja limodzi. Si khonsolo yokha imene inakakhala kumeneko. Khoti lalikulu, nyumba yosungiramo zinthu zakale, bwalo la zamasewero la Kamuzu ndi malo a chionetsero cha zamalonda zonse zili m'dera lomwelo.

Tibwerere kwathu. Ku Kasungu nkhani inayenda njira ina, chifukwa tauni yathu sinayambe ndi khonsolo koma ndi linga. Kumapeto kwa 1895 asilikali a boma la atsamunda anagonjetsa mfumu Mwase Chibisa, ndipo anamanga linga limene analitcha Fort Alston. Anzathu a ku Mchinji nawonso kwawo kunkatchedwa Fort Manning, potengera dzina la msilikali wa atsamunda William Manning. Malo otere sankalamulidwa ndi meya koma ndi bwana mmodzi woimira boma, amene pambuyo pake tinamuzolowera kuti DC. N'chifukwa chake mpaka lero munthu wa ku Chamama kapena ku Nkhamenya sanena kuti akupita kutauni holo, amati akupita kuboma.

Poti ndinu aphunzitsi, ndikupempheni chinthu chimodzi: ana akakuuzani kuti mawu oti boma ndi chidule cha mawu achingerezi, musavomere. Nkhani imeneyo yafala kwambiri koma si yoona. Mawuwa analipo kale m'Chiswahili, kutanthauza mpanda kapena linga, ndipo anabwera ndi asilikali ndi amalonda ochokera kugombe. Mpanda wotetezera bwana uja ndiwo unasanduka dzina la ulamuliro wonse.

Ndiye holo yonga ya Victoria, yomangidwa m'nthawi ya atsamunda, musaiyembekezere kuno. Chimene tili nacho ndi makhonsolo awiri: ya boma lonse la Kasungu, ndi ya tauni, imene ili pa mlingo wa manisipaliti monga ya Luchenza. Onse amayendera lamulo la maboma ang'ono la 1998. Koma chimene chimandisautsa ine n'chakuti kuyambira 2005 mpaka chisankho cha mu Meyi 2014, dziko lonse linakhala lopanda makhansala. Maofesi anali otsegula, ziphaso za pamsika zinkadulidwa tsiku ndi tsiku, koma mipando ya anthu osankhidwa ndi ife inali yopanda munthu zaka 9. Ndikaiganizira nthawi imeneyo, holo ya 1903 ija siioneka yakutali kwenikweni.

Ophunzira anu angathe kuchita ntchito imene ikusoweka kwambiri kuno. Atumeni kwa agogo amene anagwirapo ntchito ya umesenjala kapena ukalaliki kuboma, akawafunse kuti msonkho ankaperekera nyumba iti, milandu inkazengedwera pati, ofesi iti inayamba kumangidwa. Alembe mayina a malo monga momwe agogowo akuwatchulira, ajambulenso zithunzi nyumbazo zisanasinthidwe malata ndi utoto. Mukanditumizira ndidzaziika pano.

Ndipo mukadzapita kukatenga mwana patchuthi, kwerani minibasi ya ku Limbe, mutsike pa Chichiri, mufunse njira ya ku Civic Centre. Musanalowe pageti, yang'anani dzina la msewu umene maofesiwo ali. Umatchedwa Kasungu Crescent.