Yankho kwa azakhali pa za National Gallery mu Disembala

Azakhali, mwaswera bwanji? Uthenga wanu ndauona m'mawa koma ndinali kuntchito, ndiye ndati ndingolankhula, kulemba kukananditengera usiku wonse. Mwafunsa ngati n'koyenera kupatula tsiku la ku National Gallery, nyumba yoonetseramo zithunzi zojambula pamanja, mukabwera kuno ku London ndi mdzukulu wanu mu Disembala, komanso kuti kumeneko munthu amaona chiyani, amagula chiyani, nanga nkhomaliro bwanji.

Eee, pitani ndithu. Kulowa n'kwaulere. Amalipiritsa ndi zionetsero zapadera zokha, zija zimabwera miyezi ingapo n'kuchoka, ndipo za zimenezo tikiti amagulirathu pa intaneti. Malowo ali pa Trafalgar Square, sitima yapansi mumatsikira pa Charing Cross. Amatsekula 10 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, Lachisanu mpaka 9 koloko usiku. Koma masiku awa muwalembe penapake: pa 24, 25 ndi 26 Disembala komanso pa 1 Januwale kumakhala kotseka.

Chimene ndikufuna mumvetse n'chakuti musakayese kuona zonse. Anayamba ndi zithunzi 38 mu 1824, panopa zilimo zoposa 2,300. Mukati muziyenda chipinda ndi chipinda, maola awiri asanathe miyendo yawawa, mwana wayamba kunyong'onyeka, ndipo m'mutu simutsala kanthu. Ine ndimasankha zitatu kapena zinayi basi, n'kuima pamenepo nthawi yaitali. Ndiye poti ndi nyengo ya Khirisimasi, tikayambire za kubadwa kwa Yesu.

Choyamba, ndipo ngakhale mutangoona chimenechi chokha ine ndikhutira, ndi cha Jan Gossaert, chotchedwa Adoration of the Kings. Anachijambula pamatabwa cha m'ma 1510. N'chachikulu, kutalika kwake ngati munthu woimirira. Mariya wakhala pakati pa mabwinja a nyumba yaikulu, atanyamula mwana. Mfumu ina yagwada, yapereka chikho cha ndalama zagolide, ndipo mwanayo watola kakobiri kamodzi m'kadzanja kake, monga mmene makanda amachitira ndi chilichonse chonyezimira. Kumanzere kwaima Balthazar, mfumu yakuda ngati ife, itavala zovala zapamwamba kwambiri. Azakhali, ine tsiku loyamba ndinaima pamenepo osafuna kuchoka. Muyandikire muone pachisoti chake, wojambulayo analembapo dzina lake. M'chithunzi chodzaza anthu chonchija, malo amene anasankha kusainapo ndi pamutu pa Balthazar ndi pa mkanda wa mnyamata womuperekeza. Mdzukulu wanuyo mumuuze afunefune agalu awiri amene ali pansi pa matailosi osweka, kenako ng'ombe ndi bulu zomwe zabisala kumbuyo. Mudzaona, sadzafuna kusuntha.

Pa zowerenga ndinena pompano, chifukwa zikugwirizana. Usiku wake muwerenge Mateyu chaputala 2 ndi Luka chaputala 2. Mudzadabwa kuti Mateyu sanena kuti anali atatu, sanenanso kuti anali mafumu, amangoti anzeru akum'mawa. Zitatu ndi mphatso: golide, lubani ndi mure. Mayina ndi zisoti zachifumu zinabwera pambuyo pake m'mwambo wa mpingo, ojambula n'kuzitengera. Mukapita mutawerenga, maso amaona zambiri. Timapepala ta pakhoma pambali pa chithunzi nato muziwerenga, n'tatifupi, koma muyambe mwayang'ana chithunzicho kaye.

Chachiwiri ndi cha Botticelli, Mystic Nativity, cha mu 1500. Ichi n'chocheperako. Pamwamba angelo 12 agwirana manja akuvina mozungulira, pansi angelo akukumbatirana ndi anthu, ndipo tiziwanda tating'ono tikuthawira m'ming'alu ya nthaka. Pamwamba penipeni pali mawu a Chigiriki onena kuti anachijambula pa nthawi ya mavuto a Italy. Chimenechi chimandikhudza, chifukwa munthu anajambula chimwemwe chotere dziko lake lili pachipwirikiti.

Kenako za chisanu, poti inunso mudzakhala mukuchimva m'mafupa. Pali kachithunzi kozungulira ka Hendrick Avercamp wa ku Netherlands, ka cha m'ma 1608. Madzi aundana pafupi ndi nyumba yachifumu, anthu ambirimbiri akutsetsereka pamwamba pake, olemera ndi osauka omwe. Avercamp anali wosamva ndi wosalankhula, ndipo mukayang'anitsitsa mmene anagwirira kayendedwe ka munthu aliyense, mumazindikira kuti anali munthu wa maso akuthwa. Nthawi ikalola muonenso cha Monet cha chipale chofewa ku Argenteuil, cha mu 1875. Mpendadzuwa wa Van Gogh wa mu 1888 uliponso, koma pamadzaza anthu ndi mafoni, ndiye pamenepo pitani m'mawa akangotsekula. Zithunzi nthawi zina amazisuntha kapena kuzibwereketsa kwina, choncho ndidzayang'aniratu pa intaneti kuti chilichonse chili chipinda chiti.

Zogula, musavutike nazo mtima. Mabuku akuluakulu aja ndi okongola koma amalemera, ndipo sutikesi ili ndi malire ake pandege. Gulani mapositikhadi a zithunzi zimene mwaziona ndi maso anu, osati zilizonse. Nyengo imeneyo amagulitsanso makhadi a Khirisimasi ndi makalendala a chaka chatsopano okhala ndi zithunzi zomwezo. Kalendala ndiye yabwino kwa agogo. Mwanayo mumusiye asankhe yekha positikhadi imodzi.

Chakudya, m'zipinda za zithunzi salola kudya. Pakhomo amasecha zikwama, ndipo kuyambira mu 2024 zamadzimadzi saloleza kulowa nazo kupatula mkaka wa khanda ndi mankhwala, ndiye botolo la madzi musatenge. Mkatimo muli malo a tiyi, supu ndi masangweji, koma pakati pa masana mzere umatalika. Ine ndimakonda kuwoloka msewu kupita ku tchalitchi cha St Martin-in-the-Fields, pansi pake pali malo odyera otchedwa Café in the Crypt. Kumakhala kofunda. Mukaona timakeke totchedwa mince pie mulawe, musanyengedwe ndi dzinalo, mulibe nyama, muli zipatso zouma ndi zonunkhiritsa.

Mu Disembala kuno kumada 4 koloko isanakwane. Ndiye mukatuluka mudzapeza mtengo waukulu wa Khirisimasi wayaka pabwalo pomwepo. Umachokera ku Oslo chaka chilichonse kuyambira mu 1947, anthu a ku Norway kuthokoza Britain chifukwa chowathandiza pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, ndipo madzulo makwaya amaimba nyimbo za Khirisimasi patsinde pake. Muvale zofunda zoti mutha kuvula, chifukwa mkati mumatentha pomwe kunja kukuzizira.

Munditumizire tsiku lofika, azakhali, ndipemphiretu tchuthi Lachisanu la sabata imeneyo tidzapite limodzi. Perekani moni kwa onse kumeneko.