Satifiketi ya sing'anga ndi botolo la mankhwala a shuga

Funso: Adokotala, amayi anga ali ndi matenda a shuga. Ndinawagulira botolo la mankhwala achikuda pamsika wa Kapata pamtengo wa K150, ndipo wogulitsayo anandionetsa satifiketi ya bungwe la asing'anga. Akuti amayi akamaliza mabotolo atatu asiye mapiritsi a kuchipatala. Kodi pepalalo likutanthauza kuti boma linavomereza mankhwalawa? Ndine mwana wawo, wa ku Chipata.

Yankho: Ayi. Pepala munaonalo, ngati ndi lenileni, likungochitira umboni kuti munthuyo ndi membala wa bungwe la asing'anga, monga la THPAZ. Silikunena kanthu za madzi ali m'botolomo.

Kuno ku Zambia, ntchito yovomereza mankhwala ogulitsidwa ili m'manja mwa ZAMRA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mankhwala la 2013, ndipo mankhwala azitsamba ali momwemo. Tengani botololo muliyang'ane bwino. Kodi palembedwa wopanga, zomwe anasakanizamo, mlingo wake, tsiku lotha mphamvu ndi nambala ya chilolezo? Ngati ndi botolo lakale la madzi akumwa lomatidwa kapepala kotchula matenda khumi, palibe analiyeza.

Zitsamba sindizinyoza konse. Metformin amene odwala shuga ambiri amamwa anachokera pa kafukufuku wa chomera cha ku Ulaya chotchedwa Galega, ndipo Coartem wa malungo anachokera ku chitsamba cha ku China. Kusiyana kwake n'kwakuti piritsi la lero ndi la mawa mphamvu yake ndi imodzi. Muzu wokumba m'dzinja ndi wokumba m'chilimwe sulingana, ndiye mlingo wonga “kapu imodzi m'mawa” umakhala wongoyerekeza.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi mawu oti asiye mapiritsi. Shuga sachizika ndi mabotolo atatu. Amangofuna kumuweta tsiku ndi tsiku. Akakwera mwakachetechete amawononga impso, maso ndi mapazi, ndipo impso zofooka kale sizipirira mankhwala osadziwika. Komanso chitsambacho chikakhaladi chotsitsa shuga, kuphatikiza ndi mapiritsi ena kungagwetse shugayo mopitirira: thukuta, kunjenjemera, mwinanso kukomoka.

Amayi apitirize mapiritsi awo, botololo aliike kaye pambali. Sabata ino apite kukiliniki kapena ku Chipata Central Hospital akapimitse shuga, atanyamula botololo. Asachite manyazi kulionetsa. Anamwino anazolowera kuona otere.