Osampatsa DWG (fayilo ya AutoCAD) mnyamata wosindikiza

Achimwene, mwafunsa za manotsi a pa pulani yanu mu AutoCAD, pulogalamu yojambulira mapulani. Manotsi anu a MTEXT (mawu a mizere yambiri omangidwa ndime imodzi) akusefukira mu title block, bokosi lolembamo dzina la pulani ndi mwini wake, chifukwa cha font, bokosilo lilibe mlandu. Zinandionekera ine, mpaka lero ndikakumbuka mtima umawawa.

Ndinajambula pulani ya loji ya bwana wina cha ku Makawa, m'mbali mwa nyanja. Manotsi onse, a maziko, a septic tank, a zitsulo za Y12, ndinawaika mu MTEXT imodzi, manambala ali pamzere bwinobwino, font yake ya SHX, mtundu wa font za AutoCAD. Bwana akuthamangira kukapereka mapepala ku khonsolo, anatenga flash yokhala ndi DWG n'kupita nayo kwa mnyamata wina wosindikiza mapepala aakulu a A1 pa Boma. Kompyuta ya mnyamatayo inalibe font imeneyo, ndiye AutoCAD inangoikapo font ina yotchedwa simplex, mawu n'kutambasuka kukakwera pa dzina la mwini pulani. M'malo moimba foni, iye anamenya EXPLODE! Abale inu, EXPLODE imaphwanya ndime yonse, mzere uliwonse n'kukhala TEXT payokha. Anayamba kukoka mizere ndi mouse, wina kuusanjika pa unzake, wina kuufufuta kuti malo akwane. Mzere wonena kuti konkire ya maziko ikhale 1:3:6 unapita choncho. Bwana anandiitanitsa pa saiti dzuwa la Okutobala lili pamutu, n'kundikalipira pamaso pa amisiri ngati mwana woba chimanga, ati ndalama anandipatsa yaulere. Nditamupeza mnyamata uja, akuti "ndimangokuthandizani bigi." Kuthandiza kwanji kumeneko? Za kusindikiza kachiwiri analandiranso, osachotsako olo tambala.

Ndiye inu lembani STYLE mu AutoCAD, sankhani font ya Arial, imapezeka pa Windows iliyonse. Ngati mukujambula mu mamilimita pa sikelo ya 1:100, msinkhu wa zilembo ukhale 250 kuti papepala zituluke 2.5 mm, kapena ingoyatsani Annotative, yomwe imasintha yokha msinkhu wa zilembo molingana ndi sikelo. M'lifupi mwa ndime kokani pa ruler ya pamwamba pa editor, osamadula mizere ndi Enter ayi. Zokopera ku Word zimabwera ndi font zake zobisika moti STYLE sizigwira, zisankheni zonse, right click, Remove Formatting. Ngati wina anakuphwanyirani kale, TXT2MTXT imalumikizanso mizereyo, ngakhale manambala muwakonzanso pamanja.

Kosindikiza pitani ndi PDF basi, DWG isachoke m'manja mwanu. Injiniya akaifuna, ETRANSMIT imalongedza DWG ndi font za SHX zomwe. Koma ena amatsegulira mapulogalamu osakhala AutoCAD, ndime zimasokonekerabe, ndiye kwa amenewo ine ndimapanga kope n'kumenya EXPLODE ndekha ndisanatumize, mizere ikhale pomwe ndaisiya.