Masamba abuluu pa nsalu zakale za ku Ulaya

Funso: Ndinaona chithunzi cha nsalu yopachika pakhoma yomwe inawombedwa ku Brussels, m'dziko la Belgium, m'zaka za m'ma 1500. Masamba a mitengo ndi abuluu, ndipo nsaluyo ili ndi timipata ngati yang'ambika. Kodi owomba analakwitsa? Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Sanalakwitse ayi. Nsaluyo, yomwe amaitcha tapestry, inachoka m'manja mwawo masamba ali obiriwira. Kuti apeze mtundu umenewu, ubweya wa nkhosa ankauviika kawiri, m'utoto wabuluu wa chomera cha woad ndi m'utoto wachikasu wa chomera cha weld. Wachikasuwo sulimba pa kuwala. Ukasuluka, buluu amatsala yekha. Mutatembenuza nsaluyo n'kuona kuseri, komwe dzuwa silinafike, nthawi zambiri mupeza masamba akadali obiriwira.

Timipatato n'tochokera pa kawombedwe. Wowomba ankayamba wakunga ulusi wopanda utoto, pafupifupi 7 kapena 8 pa sentimita imodzi ngati nsalu ili yapamwamba. Kenako ankapingasa ulusi wamitundu, koma uliwonse unkangofika pomwe mtundu wake wathera n'kubwerera. Pokumana mitundu iwiri pankatsala kampata, ndipo ankadzasoka ndi singano ntchito ikatha.

Vuto lagona pa kapachikidwe. Nsaluzi ankaziwomba chithunzi chitagona cham'mbali, ndiye zikapachikidwa, kulemera konse kumagwera ulusi wamitundu uja ndi misoko ya timipata. Zaka zikapita misoko imaduka, mipata n'kuyasama. Silika, amene ankaika pofuna kuwala monga pa thambo la m'chithunzi, ndiye amafumbutuka msanga kuposa ubweya.

Inali ntchito yodya nthawi: pa nsalu yapamwamba, munthu mmodzi sankakwanitsa ngakhale sikweya mita imodzi pamwezi. Inkafunanso luso, n'chifukwa chake Papa Leo X, atauza katswiri wojambula zithunzi Raphael mu 1515 kuti ajambule zithunzi za nsalu 10 za mu Sistine Chapel, tchalitchi cha ku Vatican, anazitumiza kwa akatswiri owomba nsalu a Pieter van Aelst ku Brussels, ndipo nsalu 7 zoyamba zinapachikidwa mu 1519.

Masiku ano osamalira nsaluzi amasokanso timipata, amasokerera nsalu ya linen kumbuyo, n'kupachika ndi lamba womata wotchedwa Velcro m'mphepete monse mwa kumtunda kuti kulemera kugawanike. Kuwala salola kupitirira ma lux 50 (lux ndi muyeso wa kuwala). Masamba abuluuwo sawapakanso utoto, ndipo ife tikuti amachita bwino, chifukwa utoto watsopano ungawononge ubweya wa zaka 500.