Zala za ng'ombe zinapita kuti?

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake ng'ombe imapondera zala ziwiri pomwe ife tili ndi zisanu. Dzulo ndikudya mang'ina ku Kawale ndinayang'anitsitsa fupa lake. Ziboda ziwirizo ndi chala chachitatu ndi chachinayi. Zinazo zinafota pang'onopang'ono, poti nyama yothamanga imafuna phazi lopepuka. Hatchi ndiye inangotsala ndi chimodzi, chapakati.

Gwero la miyendo yonseyi ndi zipsepse za nsomba zamakedzana. Imodzi mwa nsombazo, Tiktaalik, yomwe mafupa ake anapezeka ku Canada mu 2004, m'chipsepse chake inali kale ndi fupa limodzi kumtunda, awiri kunsi kwake, ngati mkono wanuwo. Chimene chimandigometsa ine n'chakuti poyamba zala sizinali zisanu ayi: Acanthostega, imodzi mwa nyama zoyambirira kukhala ndi miyendo inayi, zaka pafupifupi 365 miliyoni zapitazo, inali ndi zala 8 kudzanja lililonse.